Chithunzi cha a Bondopansi

"Ameneyu si mwamuna wanga. Chichotseni."

Mayi anakankha felemu ija ndi nsonga za zala mpaka inafika m'mphepete mwa tebulo. Chisamba, mwana wawo woyamba, anaiwakha isanagwe. Azimayi amene anakhala motsamira khoma analeka kunong'onezana, ndipo amene ankathira tiyi anaiwala kuti kapu yadzaza kale.

"Amayi," anatero Chisamba, akudzigwira, "awa ndi ababa. Ndinajambula ndine, ndi foni yanga, kuchipatala. Chithunzi chawo chomaliza n'chimenechi."

"Sindikukana kuti unajambula ndiwe. Koma munthu ali mmenemoyo ine sindikumudziwa."

Mzime, mlongo wake wa Chisamba, anasendera pafupi kuti aone. Anali atafika dzulo lake kuchokera kutali kumene ankagwira ntchito, maso akadali otupa. Atachiyang'ana chithunzicho mtima wake unamira. Analidi bambo ake, inde, atagona pa pilo woyera. Koma wojambulayo anali ataima chilili pambali pa bedi, foni ili pamwamba, ndiye mutu unaoneka waukulu, mapewa atafota, maso akuyang'ana m'mwamba ngati munthu wopempha thandizo pamsewu. Bambo amenewa, amene ankawerama polowa pakhomo la nyumba yawo yomwe, m'felemumo anali kamunthu kochepa zedi.

Vuto linali lakuti maliro anali oika mawa m'mawa. Chithunzi chinkafunika kuti chikaime pafupi ndi bokosi, kenako chidzakhale pakhoma masiku onse otsala a mayi. Wosindikiza zithunzi ankatseka sitolo yake dzuwa likapendeka. Ndipo mayi, chimwalirireni amuna awo, anali asanagwetse msozi ngakhale umodzi, asanalawe kanthu, atangokhala ndwii ngati akudikira munthu amene wachedwa. Chimenechi n'chimene chinkaopsa aliyense m'nyumbamo.

Mukuseka kapena mukudabwa, koma zoona zake n'zimenezo: bambo amene anamwalirawo ntchito yawo inali kujambula anthu. Moyo wawo wonse unathera kumbuyo kwa kamera. Mukanalowa m'nyumba iliyonse m'dera limenelo mukanapeza nkhope imene iwo anajambula ili pakhoma, ya akwati, ya khanda, ya gogo atavala jekete yobwereka. Koma chawo eni ake, ayi ndithu. Woumba mbiya amaphikira m'phale. Ana anapindula matumba onse ndi madilowa onse. Chithunzi chaukwati chinaonongeka kalekale ndi madzi a denga lodontha. Cha pachiphaso mayi anachikana ndi mawu amodzi, ati nkhope ya munthu wogwidwa ndi mbuzi yakuba. Zina zimene achibale anabwera nazo, zojambulidwa m'maukwati a anthu ena, zinkangoonetsa msana wa munthu wamtali atagwada, kamera ili kumaso.

Azakhali, mlongo wawo wa malemu, amene pakamwa pawo sipankadutsa ntchentche, anadzikoka pampando.

"Alamu, maliro sadikira chithunzi. Mwanayu wathamanga, watuluka thukuta, wagula felemu yabwinobwino. Munthu akadwala amaoneka choncho. Mukufuna aoneke ngati akupita kudansi?"

"Bokosi lipite lopanda chithunzi," anatero mayi, osakweza mawu.

"Wojambula zithunzi aikidwe wopanda chithunzi?" Chisamba mawu anamuthawa, anatuluka okwera kuposa mmene ankafunira. "Amayi, anthu adzatiseka mpaka tidzalowe m'manda ifenso."

"Aseke."

Mzime anayang'ana mchimwene wake. Anadziwa kuti si manyazi okha amene ankamuwawa. Anaimirira n'kukatenga makiyi amene anali pamsomali kuseri kwa chitseko, pamene bambo ankawakoloweka tsiku lililonse.

"Ndikupita ku situdiyo. Mwina muli kena kake."

"Mulibe," anatero Chisamba. "Ndikuwadziwa ababa." Koma anatsamiritsa felemu ija kukhoma, nkhope italoza kukhomako, n'kumutsatira. Ali panjira anawonjezera, ngati akudziikira kumbuyo: "Ndikalongedzeretu katundu. Mwini nyumba uja sachedwa kufunsa chipinda chake."

Situdiyo inali kachipinda kakatali, kopanikizika pakati pa telala ndi wokonza mawotchi. Telala atawaona anaimitsa makina, n'kuimirira, n'kuvula chipewa. Loko anavuta pang'ono, kenako chitseko chinatseguka, ndipo fungo linawalonjera: fumbi la nsalu, polishi, ndi mafuta aja bambo ankadzola kumutu.

Zonse zinali m'malo mwake. Chinsalu chotuwa chinali cholendewera kukhoma la kumapeto. Patsogolo pake panali mpando wamsana wautali umene anakhalapo anthu osawerengeka. Magetsi awiri okhala ngati maambulera anaima uku ndi uku. Pafupi ndi khomo panali galasi, ndi chipeso chomangirira ku chingwe kuti makasitomala asapite nacho. Pakati pa chipinda kamera inali pa sitandi yake ya miyendo itatu, itafunditsidwa kansalu kofiira. Ndipo pansi, kumbuyo kwa sitandiyo, simenti inali yosalala, yonyezimira, italowa pang'ono ngati kambale. Pamenepo mpamene bondo lawo lamanzere linkatera.

Dzina lakuti a Bondopansi linachokera pamenepo. Mathalauza awo onse anali ndi chigamba bondo limodzi, moti telala wa pafupiyu ankaseka kuti ana ake anaphunzira sukulu ndi bondo limenelo. Ajambuli ena amaika kamera pa msinkhu umodzi chaka chonse, wobwera aliyense n'kungomuuza kuti khala apo, seka, wotsatira. Iwo ayi. Munthu akalowa sankayamba ndi kamera. Ankamukhazika pansi, n'kumufunsa funso limodzi lokha, limene Mzime analimva kuyambira ali wakhanda mpaka atakula:

"Chithunzichi akachisunga ndani?"

Munthu akayankha, iwo ankafunsanso: "Amalekeza pati?" Ndiye munthu uja ankaloza pachifuwa, kapena paphewa, kapena pamwamba pa mutu wake. Akatero bambo ankamasula miyendo ya sitandi, kutsitsa kapena kukweza, mpaka diso la kamera litafika pamene pakanakhala maso a mwini chithunziyo. Ankati kamera ikakwera kwambiri munthu amachepa, amasanduka wopempha. Ikatsika kwambiri chibwano chimatukumuka, mphuno n'kutseguka ngati makomo a garaja, munthu n'kuoneka wodzimva. Koma pakati pamenepo pali malo amodzi, ndipo malowo sadziwika ndi wojambula, amadziwika ndi amene amamukonda munthuyo.

Mzime ankakumbukira msilikali wina, chimunthu chadzitho, amene anabwera atavala yunifolomu yosita bwino, ati akufuna chithunzi chotumiza kwa mwana wake wamkazi amene anali atangoyamba kuyenda. Bambo anachotsa kamera pa sitandi, n'kugona chafufumimba pasimenti, malaya oyera ali m'thupi. Msilikali anayang'ana pansi, kufuna kuona kuti mdalayu wapenga kapena bwanji, ndipo nkhope yake yolimba ija inangosungunuka yokha. Pomwepo kamera inalira. Atabwera kudzatenga chithunzicho, munthu wamkuluyo anatuluka akupukuta m'maso ndi chipewa.

"Iwe, tabwera kudzaimirira?" anatero Chisamba. "Yamba makatoni awo, ine ndiyamba awa."

Anafufuza, abale inu. Anatsitsa makatoni onse a pamwamba pa kabati, anakhutula maenvelopu, anayang'ana mafilimu akale powalozetsa kuwindo. Munali nkhope zokhazokha, mbwee, pansi ponse. Munali mayi ali mtsikana, mayi atanyamula Chisamba, mayi akuseka atagwira pakamwa. Munali azakhali atakwinya nkhope. Munali Mzime alibe mano akutsogolo. Munali anthu amoyo ndi anthu amene anapita kale, onse akuyang'ana molunjika ngati akuona munthu amene amusowa. Koma mwini situdiyo munalibe. Kuwala kwa pawindo kunali kutachoka kale pakhoma n'kutsikira pansi.

Chisamba anaponya envelopu yomaliza. "Ndinanena ine. Tiye tikawanyengerere amayi. Azakhali atithandiza."

"Achimwene, chithunzi chija sichingaime pafupi ndi bokosi."

"Chalakwa chiyani?"

"Munawajambulira pamwamba."

Chisamba anatembenuka pang'onopang'ono. "Pamwamba. Ndiye umafuna nditani? Ndikwawire kunsi kwa bedi? Iwe unali kuti? Amene ankawatembenuza pabedi ndani? Amene ankawanyamula kupita nawo kuchimbudzi, iwo akulira ndi manyazi, ndani? Wafika dzulo, lero wayamba kundiphunzitsa kagwiridwe ka foni!"

Mzime anadziwa kuti zonse zinali zoona. Mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo nkhonya zonse za matendawa zinagwera pamutu pa mchimwene wake, iye ali kutali, akungoimba foni n'kumalonjeza kuti abwera mwezi ukatha. Anawerama n'kuyamba kutola zithunzi pansi.

Patapita kanthawi Chisamba anakhala pa katoni. Atayankhulanso, mawu anali atatsika.

"Tsiku limenelo sankatha kuyankhula. Nditatulutsa foni anayamba kuchita chonchi ndi dzanja." Anatambasula chikhatho n'kuchitsitsa kawiri, pang'onopang'ono. "Ine ndinkayesa akufuna nditsitse bedi. Ndinajambula msangamsanga, n'kukaitana namwino kuti adzatsitse. Iwo anangotseka maso." Anapukuta nkhope ndi manja onse awiri. "Ndazindikira lero, amayi atachikankha."

Mzime anafuna kumugwira paphewa, koma anadziwa kuti akamugwira alira, ndipo mchimwene wakeyo sankafuna kulira pamaso pa mlongo wake. Anamusiya. Chisamba anaimirira ndi mphamvu, ngati munthu amene wapeza ntchito yobisaliramo.

"Basi, tilongedze."

Anapita pakati pa chipinda, anachotsa kansalu kofiira kaja, n'kugwira mwendo umodzi wa sitandi kuti aupinde. Pakhosi pa sitandiyo panali patakulungidwa chingwe choyera, cha mtundu womangira mapaselo. Anachimasula mosaleza mtima. Chinali chachitali ndithu, chili ndi mfundo imodzi chakumapeto. Anachiponyera Mzime, ndipo iye anangochilowetsa m'thumba la diresi osaganiza kanthu.

Kenako Chisamba anaima. Dzanja linali likadali pa mwendo wa sitandi, koma silinapinde.

"Iwe. Womaliza kujambulidwa muno anali ndani?"

"Kaya. Bwanji?"

"Taona pamene yalekeza."

Anali ataima moyang'anizana ndi kamera, pafupi kwambiri, ndipo diso lake lagalasi linali litaloza pa batani lachiwiri la malaya ake. Chisamba anali wamtali ngati bambo ake. Anayang'ana batanilo, n'kuyang'ana kamera, n'kuyang'ananso batani.

"Kuchipatala, dokotala atatiuza kuti ababa atisiya, amayi anandigwira. Sanalire. Anangokanikiza nkhope yawo apa." Anagwira batanilo. "Maso awo amafika pamenepa ndendende. Ndikudziwa, chifukwa mpaka pano pakundiwotcha."

Mzime anadumpha zithunzi zimene zinali pansi n'kukaima kumbuyo kwa kamera, ndipo osadziwa n'komwe bondo lake linatera m'kambale ka simenti kaja. Anadina batani loyatsira. Kagalasi ka kumbuyo kanachedwa, kanaphethira, kenako kanayaka, chizindikiro cha batire chili chofiira.

"Fulumira isanazime," ananong'ona Chisamba, atagwada pambali pake.

Chithunzi choyamba chinali cha mpando wopanda munthu.

Chachiwiri, mpando womwewo, koma m'mphepete mukuoneka kachidutswa ka mkono wa jekete yakuda.

"Jekete ya ku tchalitchi," anatero Chisamba. "Dikira. Tsiku lina, asanagonekedwe kuchipatala, anasowa m'mawa wonse. Anati akupita kukameta. Anabwerako thukuta lili kamukamu, jekete ili m'thupi, tsitsi lili momwemo. Amayi anawakalipira mpaka madzulo."

Mzime anamvetsa. Kamera imeneyi inkatheka kuitchera kuti idikire kanthawi kochepa kenako ijambule yokha. Bambo ankaitchera, n'kuyamba ulendo wopita kumpando. Koma miyendo inali itatha. Kamtunda kamene kale ankakadumpha ngati mnyamata, tsopano kanali ulendo, ndipo kamera sidziwa kudikira wodwala.

Chotsatira chinali msana wonse wa jekete, ndi ndodo. Chotsatira, msana womwewo, utayandikirako pang'ono. Chotsatira, mpando wopanda munthu, ndodo ili pansi yokha.

"Apa anagwa kapena?" Mzime anagwira pakamwa.

"Ayi, taona phazi ilo m'mphepetemo. Anaitaya dala kuti athamange." Chisamba anaseka, kuseka kotuluka ndi misozi. "Mdala ameneyu! Kupikisana ndi kamera yake yomwe!"

Zinapitirira choncho. Pena dzanja litafika pa msana wa mpando. Pena atayamba kukhala, mutu uli pansi, pakamwa pali yasa, akupuma wefuwefu. Pena mpando wokha, kusonyeza kuti ulendo umenewo sanauyambe n'komwe, anangoima kumbuyo kwa kamera kusonkhanitsa mpweya. Ana awiriwo anagwada pamenepo, mitu itagundana, akuseka n'kumalira, akuwerenga m'mawa wonse wa munthu mmodzi, yekhayekha m'chipinda chotseka, akubwerera ku kamera, kuitcheranso, n'kuyambanso. Kalanga ine, kulimbikira kwake! Akanakhala bwinobwino pampandopo, maso awo akanalingana ndi diso la kamera, ndiye kuti akanalingana ndi maso a mayi, ndipo chikanatuluka chithunzi chaulemu, chooneka bwino, chimene azakhali akanachivomereza.

Mzime anadinanso kamodzi. Kuseka kunathera pomwepo.

Bambo sanafike pampando. Anali ataima njo pambali pake, dzanja limodzi litagwira msana wa mpandowo. Zikuoneka kuti anamva kamera ikuyandikira kulira, nadziwa kuti yawapambananso, ndiye anangotembenuka. Anali akuyang'ana pansi pang'ono, molunjika m'diso la kamera, akuseka pakamwa ponse, maso atatsinzinika m'mbali, ngati munthu amene wagwidwa akuchita zopusa ndi munthu amene samuopa. Kolala ya malaya inali itapindikira m'kati mbali imodzi. Mutu unatsala pang'ono kugunda m'mphepete mwa chithunzi. Anali owonda, inde, matenda ankaoneka pakhosi. Koma anali aatali, abale, aatali ngati tsiku limene analowa m'nyumba koyamba atawerama pakhomo.

Kunja makina a telala ankalira, n'kuleka, n'kuliranso. Mzime anali ataona nkhope imeneyi moyo wake wonse, koma kayang'anidwe aka anali asanakaonepo. Sikanali ka iye, sikanali ka Chisamba. Anamva ngati wasuzumira pawindo la chipinda cha makolo ake, ndipo anachita mantha aulemu, oti sakanatha kuwafotokoza.

Anadinanso. Panalibe china.

"Ataona chimenechi sanajambulenso," ananong'ona Chisamba. "Anadziwa."

Kagalasi kaja kanaphethira n'kuzima.

Anathamanga, kamera ili m'manja mwa Chisamba ngati khanda. Wosindikiza anamupeza atayamba kutsitsa chitseko chachitsulo, koma atamva kuti ndi ana a a Bondopansi anachikwezanso osafunsa. Chithunzi chitaonekera pa kompyuta yake, anakanda chibwano.

"Ndikhoza kuchikonza. Kolalayi ndiwongola, mpandowu ndichotsa, ndidule kuti pakhale nkhope yokha. Palibe angadziwe."

Mzime anatsegula pakamwa, koma mchimwene wake anamutsogolera.

"Musakhudze kalikonse, bambo. Mmene chililimu."

Atafika kunyumba dzuwa linali litafiira, anthu atachuluka pabwalo. Azakhali anawachingamira pakhomo, nang'amba pepala lokutira felemu asanapemphedwe. Anayang'ana, nagwira m'chiuno.

"Ha! Ana inu muli bwino? Munthu akuseka chonchi, mano onse pamtunda, kolala ili kwina, mukaimike pafupi ndi bokosi? Anthu adzati pamaliro pano tikusangalala!" Anayang'ananso, ndipo mawu anayamba kuwakanika. "Ndiponso... ndiponso mmene ankasekera akaswa mbale ya amayi athu ndi momwemu." Anapatuka pakhomopo, akufufuza mpango.

Mayi anali pomwe anawasiya, tiyi atazizira patsogolo pawo. Mzime ankayembekeza kuti mchimwene wake aika felemuyo patebulo ngati mmene anachitira m'mawa. Koma Chisamba anaima pakati pa chipinda, nagwira felemuyo ndi manja awiri, naikweza mpaka inaphimba nkhope yake, pamene pakanakhala mutu wa bambo ake.

"Amayi," anatero ali kuseri kwake, "taimirirani."

Mayi anadzutsa maso. Anakhala choncho kanthawi, osaphethira. Kenako anagwira m'mphepete mwa tebulo, naimirira, nayenda pang'onopang'ono mpaka anafika pafupi. Anapendeketsa mutu chakumbuyo, mmene ankachitira m'mawa uliwonse pakhomo lija, ndipo onse amene anali m'chipindamo anaona kuti maso a m'chithunzi ndi maso a mayi akumana ndendende.

"Inu," anatero mayi, mawu ali aang'ono. "Inu, kolala imeneyi mudzaiphunzira liti?"

Ananyanyamphira, natambasula dzanja kuti aiwongole. Zala zinagunda galasi. Anayesanso, zala zinaterereka pagalasi lomwelo. Pamenepo mpamene kulira kunatuluka, kulira kwa pansi pa mtima, kumene kunadikira masiku onsewa. Azimayi a kukhoma anakulandira, nyumba yonse inalira. Chisamba sanatsitse manja. Anaima chomwecho, felemu ili m'mwamba, misozi ikutsikira pachibwano n'kudonthera pa batani lija, mpaka mayi anatopa okha n'kutsamira pachifuwa pake.

Kulira kutaphwa, mayi anapempha tiyi wotentha, ndipo anamwa, nadya ndi buledi yemwe. Azakhali anayang'ana kudenga n'kuthokoza Mulungu mokweza kuti aliyense amve. Felemu anaiimika pamwamba pa kabati, chifukwa mayi anakana kuti ikhale pamalo otsika. Ana anawafotokozera za mpando wopanda munthu, za ndodo yotayidwa, za mpikisano wa mdala ndi kamera yake, ndipo mayi anaseka mpaka kutsamwa, misozi ikadali m'masaya.

Koma Mzime chinthu chimodzi chinali chitamukhala pakhosi. Anakhala pansi, pafupi ndi miyendo ya mayi ake.

"Amayi, akanandiimbira foni. Ndikanabwera. Kudina batani kokha, ine ndikanalephera? Kapena achimwene, anali pompano. Anavutikiranji okha chonchija?"

Mayi anamusisita kumutu.

"Mwana wanga, ukanaima kumbuyo kwa kamerayo, akanasekera iwe."

Mzime anapisa m'thumba kufuna mpango, ndipo mpangowo unatuluka pamodzi ndi chingwe chija. Chinagwera pamiyendo pa mayi. Iwo anachitola, nachiyendetsa m'zala mpaka anafika pa mfundo, naima pamenepo.

"Ichi mwachitenga kuti?"

"Chinali pa sitandi ya kamera."

Mayi anayang'ana chithunzi pa kabati paja, napukusa mutu pang'onopang'ono.

"Wabodza," anatero mofatsa. "Tsiku lina ndikutsuka mbale anabwera nacho. Ati ima mowongoka, usagwedezeke, ndikufuna ndikukhomere galasi loti uzidziona bwino. Anagwada, ndi miyendo yakutha ija, kuchikanikiza pansi ndi chala, kenako kudzuka movutikira, akugwira ine. Ndinawakalipira kuti akunditayitsa nthawi. Galasilo ndakhala ndikulidikira."

Anaimirira. Anavula patapata, naponda nsonga imodzi ya chingwecho ndi chala chachikulu cha kuphazi. Kenako anachikoka m'mwamba, pang'onopang'ono, kudutsa pabondo, pachiuno, pachifuwa, mpaka chinawongoka. Chipinda chonse chinali chikuyang'ana.

Mfundo ija inafika pakona pa diso lawo, pamene panali msozi, n'kuima pomwepo.